Lipoti la msonkhano wa za umoyo wa agalu, ndi yankho pa nkhani ya ufa wa m'mimba uja

A Tcheyamani, a Msungichuma ndi anzanga nonse oweta agalu, zikomo pondikhulupirira ndi kundituma. Msonkhano unachitika Loweruka lapitali m'tauni ya Zomba muno. Panali madokotala a ziweto awiri, alangizi a ziweto, ogulitsa mankhwala, ndi oweta anzathu ochokera ku Thondwe, Jali, Songani ndi Domasi. Ena anafika mochedwa chifukwa cha mayendedwe, ndiye tinayamba dzuwa litakwera ndithu.

M'mawa monse inali nkhani ya chiwewe, ndipo sinditalikitsapo poti ambiri mukuidziwa. Anatikumbutsa kuti matendawa amasiya kufala m'dera ngati agalu 70 mwa 100 alionse abayidwa katemera, ndi kuti a bungwe lobaya agalu la Mission Rabies, omwe m'Malawi muno anayambira ntchito yawo ku Blantyre mu 2015, amafikanso kuno kwathu. Akamalengeza tsiku lobaya, tisasiye galu kunyumba poti ndi wolusa. Wolusayo ndi amene akufunika kubayidwa kuposa onse.

Tsono chimene munanditumira. Mukukumbukira kuti pa nkhumano yathu yatha tinatsala pang'ono kutapa thumba la gulu kuti tiguliretu katoni ya timapaketi ta ufa tochokera ku Joni, tija amati probiotic, pambuyo poti tiana ta agalu tafa m'makomo atatu ku Chinamwali ndi ku Matawale. Funso loti kodi ufawu ungateteze tiagalu tathu ndinalifunsa monga munandiuzira, ndipo linatenga pafupifupi ola lathunthu chifukwa ena aku Jali anali nalonso.

Adokotala anayamba ndi kutifotokozera chimene chili m'kapaketimo. M'matumbo mwa galu, ngati mwa munthu, mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso tambirimbiri, ndipo tochuluka mwa ito n'tothandiza. Timagaya zakudya zimene mimba yalephera, timadzaza malo kuti toyambitsa matenda tisapeze pokhala, komanso timalimbitsa khoma la matumbo. Galu akamwa mankhwala opha mabakiteriya, akasinthiridwa chakudya mwadzidzidzi, kapena akasamutsidwa kupita kwa mbuye watsopano, tizilomboti timasokonekera ndipo iye amatsekula. Probiotic ndi tizilombo tamoyo tothandizato, touma, timene amathira m'chakudya. Mu 2001 akatswiri oitanidwa ndi mabungwe a za chakudya ndi za umoyo padziko lonse, a FAO ndi WHO, anagwirizana tanthauzo lake, ndipo muli mfundo ziwiri zimene adokotala anazibwereza katatu: tikhale tamoyo, ndipo tikhale tokwanira. Maganizo ake si atsopano. Wasayansi wa ku Russia, Élie Metchnikoff, ali ku Paris zaka zoposa 100 zapitazo, ankanena kale kuti mkaka wosasa umene alimi a ku Bulgaria ankamwa umasamalira matumbo. Apa bambo wina waku Domasi anafuula kuti ndiye kuti azigogo athu ndi chambiko chawo anali asayansi, holo yonse n'kufa ndi phwete.

Kodi ufawu umagwira ntchito? Yankho linali lakuti inde, koma pang'ono, ndipo pa zinthu zochepa. Galu wamkulu amene watsekula chifukwa wadya za kudzala, koma akudya, akumwa ndipo akugwedeza mchira, kawirikawiri amachira yekha m'masiku ochepa. Probiotic yabwino ingafupikitseko masikuwo. Imathandizanso galu amene adokotala amupatsa mankhwala opha mabakiteriya, bola musamwetse zonse nthawi imodzi. Pazidutsa maola angapo, apo ayi mankhwalawo apha tizilombo mwagula tija tisanafike n'komwe m'matumbo. Pali mtundu umodzi, Saccharomyces boulardii, umene ndi yisiti osati bakiteriya, ndiye mankhwalawo saukhudza.

Kenako adokotala anatembenukira kwa ine n'kundifunsa kuti tiana tija tinafa bwanji. Ndinafotokoza mmene munandiuzira: ta miyezi iwiri kapena itatu, tinayamba kukana kudya, kusanza, kenako kutsekula magazi onunkha koopsa, n'kufa pasanathe masiku atatu kapena anayi. Anapukusa mutu. Anati sangagamule popanda kuyeza, koma zizindikirozo n'zofanana kwambiri ndi parvo. Ameneyu ndi vayirasi, anadziwika padziko mu 1978, ndipo amakonda agalu a pakati pa masabata 6 ndi miyezi 6 amene sanabayidwe. Amawononga khoma la matumbo lenilenilo, ndipo amakhala m'dothi la pabwalo miyezi yambiri, mwakuti mukabweretsa kagalu kena pamalo omwewo nako kamatsatira. Ufa wa m'kapaketi sungamuletse. Chomuletsa ndi katemera, kuyambira kagalu kali ndi masabata 6 mpaka 8, n'kumabwereza pakapita masabata atatu kapena anayi kufikira katakwana masabata 16. Kakadwala kale, chimene chimapulumutsa ndi diripi ndi chisamaliro cha adokotala, ndipo kuchedwa tsiku limodzi n'kokwanira kukataya.

Kunena zoona anzanga, pamenepa ndinachita manyazi. Tikanagula katoni ija, tikanathira ufa m'phala la tiagalu tosabayidwa n'kumadikira chozizwitsa. Safunsa anadya phula.

Mdani wachiwiri ndi njoka za m'mimba. Kagalu kotupa mimba, ka ubweya wosasalala, kamene mukakakweza mlomo usinini uli mbuu m'malo mofiira, kamakhala kakuyamwidwa magazi ndi njoka. Zina zimalowa kadakali m'mimba mwa mayi wake, zina kudzera mu mkaka. N'chifukwa chake anati mankhwala a njoka aziyamba kagalu kali ndi masabata awiri, kubwereza pa masabata 4, 6 ndi 8, kenako mwezi ndi mwezi mpaka miyezi 6. Wamkulu azimwa miyezi itatu iliyonse. Zina mwa njokazi zimalowanso mwa ana athu osewera pa dothi, ndiye si nkhani ya agalu okha.

Pa za kagulidwe, mayi wina wogulitsa mankhwala a ziweto analankhula mosabisa, ngakhale zikukhudza malonda ake omwe. Anati kapaketi kabwino kamatchula dzina lonse la kachilombo pamodzi ndi nambala yake, monga Enterococcus faecium SF68 imene ili mu probiotic yotchedwa FortiFlora, kapena Bifidobacterium animalis AHC7. Kamalembanso kuchuluka kwa tizilombo tamoyo, pamene pamalembedwa CFU, ndi tsiku lothera ntchito. Kongolemba kuti muli mabakiteriya abwino osatchula mayina, musiyeni nako wogulitsayo. Adokotala anawonjezera kuti mu 2011 ofufuza a ku University of Guelph ku Canada anayeza mitundu 25 ya ma probiotic a ziweto, ndipo iwiri yokha ndi imene inali yolembedwa molondola komanso yokhala ndi zimene inalonjeza. Ngati ku Canada zinali choncho, nanga katoni yoti yayenda masiku awiri kapena atatu pansi pa basi kuchokera ku Joni, kudutsa kutentha kwa ku Tete, n'kudzaunjikidwa m'nyumba ya malata mwezi wa Okutobala? Tizilombo tija tikafa ndi kutentha, chotsala ndi ufa wamba. Mitundu ina imafunanso firiji, ndipo magetsi athu mukuwadziwa.

Ndinafunsa za chambiko, poti ambiri a ife ndi chimene tingakwanitse. Anati supuni imodzi kapena ziwiri za chambiko kapena yogati wopanda shuga sizivulaza agalu ambiri, koma tisayembekezere kuti zigwira ngati zoyezedwa zija, chifukwa tizilombo ta mumkaka sitinasankhidwire matumbo a galu. Agalu akuluakulu ena mkaka suwayanja, umawonjezera kutsekula. Anatichenjeza kuti tiziwerenga pa chikho: ngati mwatsekemeretsedwa ndi xylitol, ameneyo ndi poizoni kwa galu. Chimodzimodzi anyezi ndi adyo, ndiye msuzi wotsala wa ndiwo zathu tisamangokhuthulira m'mbale mwake. Maungu owiritsa kapena mbatata yophika pang'ono zimathandiza kulimbitsa chimbudzi, ndipo ndi chakudya cha tizilombo tabwino timene galuyo ali nato kale.

Mfundo imene inandigwira mtima kwambiri, chifukwa inenso ndimachita, ndi ya madeya. Tikaona chimanga chachita chuku timati n'cha agalu ndi nkhuku. Chukucho chimatulutsa poizoni wa aflatoxin amene amawononga chiwindi, saphedwa ndi kuphika, ndipo agalu amawagwira msanga. Anadzudzulanso khalidwe logula makapisozi pa okala n'kumwetsa galu aliyense wotsekula. Makapisoziwo amasesa ndi tizilombo tabwino tomwe, ndiye timakhala tikuwononga ndi dzanja limodzi chimene tikufuna kugula ndi linalo.

Galu wosanza mosalekeza, wotsekula magazi, wofooka, kapena wotsekula kupitirira masiku awiri, ameneyo n'ngwa kuvetenale, osati wa kapaketi. Kagalu kakang'ono musadikire n'komwe masiku awiriwo.

Maganizo anga, amene mungawakane, ndi akuti katoni ija tiisiye. Ndalama ya m'thumba ipite ku katemera wa parvo ndi mankhwala a njoka, tigule pamodzi ndipo tipangane tsiku limodzi ndi alangizi a ziweto kuti adzabaye tiagalu tonse, poti katemerayo amafunika kusungidwa pozizira mpaka nthawi yobaya. Amene galu wake walemberedwa probiotic ndi adokotala agule timapaketi tochepa ta nthawi imeneyo pa sitolo yosunga bwino mankhwala. Makomo atatu aja ayambe atsuka makola ndi mbale ndi jiki wosungunula, ndipo asathamangire kutenga kagalu kosamaliza katemera.

Mapepala amene anatigawira ndawasiya kwa a Mlembi kuti aliyense ajambule ndi foni. Chenji cha ndalama ya thiransipoti ndabweza kwa a Msungichuma pamodzi ndi risiti ya chakudya. Pa nkhumano ikubwerayi aliyense abwere atalemba chiwerengero cha agalu ake, misinkhu yawo, ndi tsiku limene anabayidwa komaliza, kuti tidziwe mabotolo ofunika kuitanitsa.