Amayi a m'mipingo, tiphunzitsane kuluka

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilembepo za kanthu kooneka kakang'ono koma kamene kandikhudza mtima kwambiri. Ndine mayi wochokera ku Dedza, ndipo ndimagwira ntchito yapakhomo kuno ku Johannesburg. Kwathu kumazizira ndithu, koma chisanu cha June ndi July mumzinda uno, umene uli pamtunda wa mamita oposa 1,700, chimalowa mpaka m'mafupa, makamaka m'zipinda zalendi zimene ambirife timagonamo. Sabata yatha ndamaliza chinthu choyamba chimene ndaluka ndi manja anga, bulangete la mdzukulu wanga.

Amene andiphunzitsa ndi amayi ena achikulire a kumpingo kwathu ku Rosettenville. Ine ndinkafuna kuyamba ndi juzi, koma iwo anakana, nati: "Mwanawe, yamba ndi tizidutswa, juzi idzakupeza." Anandiuza kuti ndiluke tizidutswa ta masentimita 20 mbali zonse, monga momwe limalandirira bungwe la Knit-a-Square, limene limasonkhanitsa tizidutswa toluka topangira mabulangete a ana osowa, ndipo tikakwana 35 timasokedwa pamodzi n'kukhala bulangete la mwana.

Kachidutswa koyamba sindidzakaiwala. Ndinayamba ndi masitichi 40 pa singano ya mamilimita 4, koma pofika kumapeto anatsala 36, chifukwa ena ankapulumuka ine osaona, ndipo kansaluko kanatuluka kotakata pansi, kopapatiza pamwamba. Ndinkakokanso wulu mwamphamvu moti singano inkavuta kulowa, zala n'kumawawa usiku wonse. Amayi aja anakayang'ana, anasolola singano, n'kuphwasula ntchito ya masiku anayi ndikuona. Misozi inalengeza m'maso, koma kuyambira tsikulo ndimawerenga masitichi pakutha pa mzere uliwonse, ndipo wulu ndimausiya uziyenda momasuka pa chala.

Cholakwa china chinali changa ndekha. Wulu wobiriwira utandithera, ndinakagula wina ku Fordsburg osayang'ana nambala yolembedwa pa kapepala kokulungira mpukutu, imene imasonyeza wulu wonyikidwa mu utoto nthawi imodzi. Mtundu unali womwewo, koma padzuwa tizidutswa tisanu timaoneka totuwirako. Ogula wulu azisunga kapepalako, kapena agule wokwanira ntchito yonse kamodzi.

Chimene ndalembera kalatayi ndi ichi: luso limeneli lili m'manja mwa amayi achikulire, ndipo atsikana athu obwera kuno kudzafuna ntchito sakulidziwa, pomwe wulu ndi singano zimapezeka mosavuta kuposa kumudzi. Ndikupempha atsogoleri a Mvano ndi magulu ena a amayi m'mipingo ya Amalawi ku Rosettenville, Yeoville ndi kwina konse kuti azipatula ola limodzi mapemphero akatha, odziwa aphunzitse osadziwa. Pa 18 July anthu a dziko lino amapereka mphindi 67 pothandiza anzawo pokumbukira Nelson Mandela, ndipo gulu la 67 Blankets for Nelson Mandela Day limasonkhanitsa mabulangete oluka ndi manja kupatsa osowa. Mtima wanga umalakalaka kuti nafenso Amalawi, amene timadya ndi kugona mumzinda uno, tidzafike pa tsikulo titanyamula mabulangete athu. Ine ndayamba kale kachidutswa koyamba ka bulangete lachiwiri, ndipo masitichi ake akadali 40.

Ine wanu,
Mayi wa ku Rosettenville, Johannesburg