Za Kenani zatikwana, tilembereniko zoopsa

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa za mabuku ndi mafilimu onena za dziko la mtsogolo. Achinyamata kuno ku Lilongwe akutha mabando kuonera mafilimu a dziko loti boma likuzonda aliyense, kulankhula zakukhosi ndi mlandu, ndiye amvekere eee azungu koma kuganiza. Abale inu, zimenezi n'zachilendo kwa ife?

George Orwell anatulutsa buku la 1984 m'chaka cha 1949, muli Big Brother woona chilichonse, ana mpaka kumakaneneza makolo awo. Tawafunsani agogo anu za nthawi ya chipani chimodzi. Kupita kumsika opanda khadi la chipani a yufi, achinyamata a chipanicho, amakubweza pageti pomwepo, lamulo la 1973 linaletsa amayi kuvala thalauzi, buku limayamba ladutsa ku Censorship Board, ndipo wolemba ndakatulo Jack Mapanje anamutsekera kundende ya Mikuyu mu 1987 osazengedwa mlandu mpaka anatuluka mu 1991. Munthu umayamba wacheuka kaye usanatchule dzina la Kamuzu, olo uli m'nyumba mwako momwe.

Za dziko la mkaka ndi uchi ndiye sitizisowa. Thomas More analemba Utopia mu 1516, chilumba choti anthu sagwiritsa ntchito ndalama, amagwira ntchito maola 6 patsiku basi, koma mommo mulinso akapolo ndipo kupita mzinda wina uyambe wapempha chilolezo, izi ambiri satchula. Ife tinali ndi ndondomeko ya chitukuko ya Vision 2020, chakacho chinakwana tikuwerengabe pakandulo, pano kwabwera Malawi 2063, ikafika kampeni ndiye aliyense Kenani, Kenani.

Pempho langa lipite kwa olemba athu. Shadreck Chikoti anayesetsa ndi Azotus the Kingdom, nkhani ya Africa zaka 500 zikubwerazo, koma ndi ya Chingerezi. Ine ndikufuna ya Chichewa, yoti mayi wogulitsa tomato ku Area 25 awerenge tsitsi limuyime. Wina alembe za Lilongwe wa 2063 nkhalango ya Dzalanyama itatheratu ndi makala, mtsinje wa Lilongwe womwe umachokera komweko utaphwa, Kamuzu Dam ili matope okhaokha, a ku Area 43 akusamba madzi a m'botolo pomwe ku Mtandire ndowa imodzi akulipira ndi mbuzi.

Inunso a Mkonzi tipatseniko tsamba limodzi Loweruka la nkhani zazifupi zoterezi, olemba alipo ambiri akungothera pa Facebook.

Wowerenga wanu,
Area 25, Lilongwe