Laputopu ikubwera Loweruka

Amayi,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino ku Chilomoniko. Ine kuno ku Joni ndilipo, kungoti chisanu cha Juni chandizunza, usiku ndikugona ndi jekete. Ya lendi ndatumiza kale pa Mukuru. Laputopu ija ndapatsira mnzanga wa ku Ndirande amene akufika Loweruka pa basi, adzakuimbirani akatsika ku Wenela. Ndi yakale, batire yake sichedwa kutha, koma ili ndi RAM (posungira zimene kompyuta ikugwira panthawiyo) ya 8GB, yokwanira ndithu pa zimene mlongo wangayo akufuna kuphunzira.

Munadandaula pa foni kuti mwanayu wamaliza Fomu 4 koma za unamwino akukana, akufuna "zoseweretsa makompyuta". Amayi, si masewera ayi. Kupanga mawebusaiti kuli ngati utelala wanuwo: munthu amabwera ndi zofuna zake, umamuyeza, umadula, umasoka, akabweranso kuti m'mapewa mwathina umaphwasula osanyinyirika. Inenso ndi ntchito imene ikundidyetsa chisiyireni kutsuka mbale ku resitilanti. Tsono ndiloleni ndilankhule naye, mumupatse kalatayi awerenge yekha.

Iwe chemwali, mndandanda wa zida zimene ukufuna kuphunzira unanditumizira pa WhatsApp uja unandiseketsa ndekhandekha m'tekisi. React, Angular, Vue, Python, Django, Laravel, Flutter, zonsezo chaka chomwechino? Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ine ndinagwa kale. Nditangofika kuno ndinapereka malipiro anga a miyezi iwiri ku kasukulu kena ka m'tauni komwe ankalonjeza kutiphunzitsa zonse pa milungu 6. Satifiketi ndinalandira, yokongola bwino. Koma tsiku limene bwana wina anandiyesa kuti ndisunthe batani likhale pakati pa tsamba, thukuta linangoti kamukamu, ndinakanika. Mayina a zida ndinkawadziwa onse, ntchito yeniyeniyo ayi.

Uyambe ndi zitatu basi, ndipo motsatana. HTML ndi imene imanena kuti apa ndi mutu, apa ndime, apa chithunzi, apa fomu. Sivuta, milungu ingapo wayamba kuyenda. CSS ndi ya maonekedwe, ndipo apa ambiri amathamanga, ndiye pomwe ine ndinagwera. Ukhalepo mpaka flexbox ndi grid, njira zosanjira zinthu pa tsamba, zikulowe m'magazi, mpaka uzitha kupanga tsamba looneka bwino pa foni ndi pa kompyuta pomwe. Kenako JavaScript, imene imachititsa kuti tsamba liyankhe munthu akadina. Iyiyi idzakudyera miyezi, masiku ena udzalakalaka kuponya laputopuyo mu Mudi. Usaisiye. JavaScript inayamba mu 1995 ndipo mpaka lero browser iliyonse, pulogalamu yotsegulira mawebusaiti ija, imaimva. Zida zomangidwa pamwamba pake ndi zimene zimabwera n'kupita: kale aliyense ankatama jQuery, lero akutama React imene a Facebook anatulutsa mu 2013. Ndipo React yomweyo ndi JavaScript. Ukailowa usanadziwe mayi wake, uzingokopera za anthu osamva chimene ukulemba, chikaonongeka sudziwa pogwira.

Git uiphunzire msanga, ngakhale mwezi woyamba womwe. Imasunga mbiri ya zonse wasintha, ukalakwitsa umabwerera pomwe zinali bwino. Ntchito yako uziikweza pa GitHub, malo osungira ntchito zotere pa intaneti, madzulo aliwonse, kuti laputopu ikafa kapena ikabedwa usayambirenso. Amene anandilemba ntchito panoyu satifiketi ija sanaifunse n'komwe, anangoti nditsegule GitHub yanga aone.

Ukadutsa pamenepo ndiye pali mphambano, ndipo apa ndinena maganizo anga, ena angatsutse. Kwa munthu wokhala mu Blantyre, ine ndikuti WordPress, chida chokonzedwa kale chomangira mawebusaiti, ndi PHP pang'ono, chinenero chimene WordPress inalembedwera, kuphatikizapo chinenero cha SQL kuti umvetse mmene database, nkhokwe ya webusaiti, imasungira zinthu. Anyamata odzimva kuno amanyoza WordPress, akuti ndi ya aulesi. Asiye anyoze. Pa mawebusaiti 10 aliwonse padziko lapansi, pafupifupi 4 amayendera WordPress. Ndipo taganiza amene adzayambe kukupatsa ndalama: mwini loji, sukulu ya pulaiveti, mpingo, kabungwe kena, mwini shopu ku Limbe. Ameneyo za React alibe nazo ntchito. Akufuna azitha kusintha yekha zithunzi ndi mitengo, pakhale batani la WhatsApp, ndipo makasitomala adziwe kulipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Uphunzirenso kugula domain (dzina la webusaiti pa intaneti), kulipira hosting (malo amene webusaiti imakhala) ndi kuika webusaiti pa intaneti, chifukwa chimene chikungogwira pa laputopu yako palibe angachigule. React udzaifuna ukamasaka ntchito ku kampani yaikulu kapena kwa anthu akunja. Idzakudikira, sithawa.

China chimene sanandiphunzitse kusukulu kuja: chilichonse wapanga uzichiyesa pa kafoni kotchipa ngati ka itel ka amayi, netiweki ikuvutavuta. Anthu akwathu amalowa pa intaneti ndi foni, bandulo akuiwerengera. Chithunzi cha 5MB chimodzi pa tsamba loyamba, munthu watseka wapita. Uzichepetsa zithunzi usanaziike.

Za ndalama ya maphunziro, pakadali pano usalipire aliyense. Webusaiti yophunzirira ya freeCodeCamp ndi yaulere, inzake ya MDN ya a Mozilla ndi yaulere, pulogalamu yolembera ya VS Code ndi yaulere. Uzikonda zowerenga kuposa mavidiyo a pa YouTube, amamaliza bandulo ndipo amakunamiza kuti wadziwa pomwe wangoonerera. ChatGPT uzimufunsa kuti akufotokozere chifukwa chimene code yako yakanira, osati akulembere yonse. Zotsatira za MSCE zikatuluka bwino, ufunsire malo ku MUBAS, imene amayi amaitchabe Poly. Kwathu pepala la digiri likadali ndi mphamvu, ndipo ukakafika kumeneko ukudziwa kale izi sudzavutika.

Ntchito yako yoyamba ndi iyi. Upangire amayi tsamba la utelala wawo: zithunzi za madiresi a chitenje ndi mayunifolomu amene amasoka, mitengo, ndi njira yofikira kunyumba kuchokera pa siteji. HTML ndi CSS yokha, osatenga template, tsamba lopangidwa kale ndi munthu wina. Uliike pa GitHub Pages kuti lizioneka pa intaneti, n'kwaulere, unditumizire link Ogasiti asanathe. Ndikalitsegula pa foni yanga osafunika kukoka ndi zala kuti ndiwerenge, ya bandulo ya miyezi itatu ndikutumizira.

Amayi, magetsi akakhalapo muzimusiyira soketi ya pabalaza, ndipo azakhali asamamutume kumsika nthawi imeneyo. Chaja ili m'thumba la kutsogolo kwa chikwama, pulagi yake ndi ya kuno ya miyendo yozungulira, ndiye mugule adaputala. M'chikwama momwemo muli mafuta opaka a mawondo anu aja. Mundiperekere moni kwa amalume ndi onse a kumphakati.

Ndine mwana wanu,
wa ku Joni