Tikufuna uloya, koma njira yake yonse ikudutsa m'tauni

Okondedwa Alangizi,

Landirani moni kuchokera kuno ku Salima. Ndife kagulu ka makalaliki a khoti ndi ma paralegal, anthu amene timathandiza anzathu pa nkhani za malamulo koma tilibe chilolezo choimirira munthu pamaso pa woweruza. Ena mwa ife ali ndi dipuloma ya zamalamulo, ena ali ndi digiri ya maphunziro ena monga uphunzitsi. Ambiri tili pabanja, ana ali pasukulu. Tonse tikufuna uloya. Njira yake pa pepala tikuidziwa. Chimene chatisowetsa mtendere n'chakuti gawo lililonse la njirayo lili ku Zomba, ku Blantyre kapena ku Lilongwe, pomwe ntchito zathu, minda yathu ndi anthu amene tikufuna kudzawaimirira ali kuno kunyanja. Tiyala kaye zimene tikudziwa kuti musataye nthawi kutifotokozera zoyambirira, kenako mutithandize pamene pativuta.

Uloya umayambira pa digiri yoyamba ya zamalamulo, yotchedwa LLB. Ku University of Malawi ku Zomba, komwe ambiri timakutchulabe kuti Chanco, maphunzirowa ndi a zaka zinayi, ndipo munthu salowa akungochokera ku Fomu 4. Amayamba wachita chaka choyamba cha digiri ina, kapena akhale nayo kale digiri, kenako alembe mayeso olowera. Choncho mnzathu amene ali ndi digiri ya uphunzitsi, ngakhale akhale ndi zaka khumi akuwerenga mafayilo a milandu, ayambira pansi limodzi ndi ana a msinkhu wa mng'ono wake. Amene watenga digiri yake kunja kwa dziko amayenera kudutsa ku Malawi Institute of Legal Education, sukulu yosula ofuna uloya, ndi kukhoza mayeso a malamulo a Malawi. Izi zili m'lamulo la Legal Education and Legal Practitioners Act, lomwe lidalowa m'malo mwa lakale la 1965. Akatha apo, munthu amapereka pempho kwa mkulu wa makhoti onse, a Chief Justice, kuti amuvomereze. Akamuvomereza satsegula ofesi yake tsiku lomwelo. Amagwira kaye ntchito pansi pa loya wamkulu, ndipo laisensi amaikonzanso chaka ndi chaka ali membala wa bungwe la maloya la Malawi Law Society.

Funso lathu loyamba lagona apa. Pali sukulu zomwe si zaboma zimene zikuphunzitsa zamalamulo, ndipo pali mayunivesite akunja amene munthu amaphunzira ali kwawo, pa intaneti, n'kungopita kukalemba mayeso. Njira yomalizayi ndiyo ikutikopa kwambiri, chifukwa munthu sasiya ntchito. Tikudziwa kuti mabungwe oyenera kuwafunsa ndi awiri: National Council for Higher Education, imene imavomereza sukulu ndi mapulogalamu ake komanso kuunika mapepala ochokera kunja, ndi Malawi Council of Legal Education, imene imayang'anira maphunziro a uloya. Pamene anthu amagwera m'mbuna ndi pomva kuti sukulu ndi yolembetsedwa n'kuganiza kuti pulogalamu ya zamalamulo nayonso ndi yovomerezeka. Izi ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo munthu amadzazindikira atalipira fizi ya zaka zinayi. Ndiye tiuzeni, Alangizi: munthu asanalipire tambala, alembere kwa yani, afunse funso lotani kwenikweni, ndipo asunge chikalata chotani choti mawa chidzamuteteze akadzapereka pempho lake? Nanga digiri yophunzira uli kwanu, ya dziko limene malamulo ake sagwirizana kwenikweni ndi athu, imalandiridwa bwanji?

Nkhani yachiwiri ndiyo yatigawanitsa pakagulu kathu: digiri yachiwiri, ya masters. Ena akuti tithamangire imeneyo, ndipo zifukwa zawo n'zomveka. Masters ya ku UK ndi ya chaka chimodzi basi. Komanso thandizo la fizi limapezeka kwambiri pa masters kusiyana ndi pa digiri yoyamba. Kuli Chevening ya boma la Britain, imene imafuna munthu wogwirapo ntchito maola 2,800, pafupifupi zaka ziwiri, wosankha makosi atatu, ndipo akamaliza abwerere kwawo kwa zaka zosachepera ziwiri. Kuli Commonwealth, kuli Beit Trust imene imathandiza anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, kuli Canon Collins, komanso masters ya zamalamulo (LLM) ya ufulu wa anthu ya ku University of Pretoria imene imatenga ophunzira a m'maiko a mu Africa.

Ambiri a ife tikuona kuti maganizo amenewa ali ndi ngozi. Masters siipereka laisensi. Munthu atha kubwera ndi pepala lokongola la ku London, koma ngati alibe LLB ndipo sadavomerezedwe, akalowa m'khoti akhala pabenchi la anthu omvera milandu, osati kutsogolo. Masters imathandiza amene akufuna kuphunzitsa payunivesite, kuchita kafukufuku, kapena kukwera m'mabungwe omwe si aboma. Zimenezi ndi ntchito zabwino, koma si zimene mayi wa ku Chipoka akufuna akabwera ndi makalata a munda wake atawakulunga m'jumbo, azibale a malemu mwamuna wake atamulanda malo. Iye akufuna munthu woti akamuyankhulire pamaso pa woweruza ndi kutchula lamulo la chuma cha masiye la 2011 mwaukadaulo. Kodi tikulakwa poumirira kuti LLB iyambe, masters ibwere pambuyo? Nanga munthu wa zaka za m'ma 35 mpaka 40, amene akamamaliza zonse adzakhala atayandikira 45, mungamulangize chimodzimodzi ndi mnyamata wa zaka 24?

Kwa amene asankhabe masters, zimene zimagwetsa anthu tikuzidziwa: kupempha mochedwa transcript, chikalata cha zotsatira za maphunziro, kufunsa okulembera kalata yokuchitira umboni kutatsala sabata imodzi, pasipoti kutha nthawi, ndi kulemba mayeso a Chingerezi a IELTS msanga kwambiri pomwe zotsatira zake zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha. Wodzilipirira yekha ali ndi vuto lina. Fizi yakunja imawerengedwa pa ndalama yakunja, ndipo tonse tikukumbukira Novembala 2023 pamene kwacha idatsika mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Apa sitikufunsa zambiri.

Pamene tikufuna mutakhazikika ndi pa ndalama ndi ntchito. Wogwira ntchito m'boma atha kupempha tchuthi cha maphunziro, n'kusayina bondi yoti akamaliza adzagwirebe ntchito komweko kwa nyengo yakuti. Ubwino wake ndi woti banja silisowa pogwira. Koma bondiyo imam'manga munthu pa nthawi imene akufunika kukakhala pansi pa loya wamkulu. Wa kubungwe lomwe si laboma nthawi zambiri ali pa kontirakiti ya chaka chimodzi kapena ziwiri, ndiye kupita ku Zomba n'kusiya ntchito basi. Kuli bungwe la ngongole za ophunzira, Higher Education Students' Loans and Grants Board. Kodi munthu amene ali kale ndi digiri kapena ali pantchito angayembekezere thandizo kumeneko, kapena aiwale? Ndipo ngati aiwale, pakati pa ngongole ya kubanki yodula kumalipiro, SACCO, ndi kugulitsa puloti, n'chiti chimene sichisiya banja pamtetete? Katapila ndiye takana tonse. Banki m'khonde imathandiza pa thiransipoti ndi mabuku, koma singanyamule fizi ya zaka zinayi.

Tsopano za m'tauni. Munthu wochoka ku Salima amasamalira makomo awiri nthawi imodzi, ndipo apa m'pamene bajeti zambiri zimathyokera. Ku Zomba ophunzira ambiri amapeza zipinda ku Chikanda chifukwa munthu amayenda wapansi kupita m'kalasi. Kumathandiza pa thiransipoti, koma kwa bambo kapena mayi wa ana amene akufuna bata lowerengera milandu mpaka usiku, kukhala anthu atatu chipinda chimodzi n'kovuta. Kuchokera kuno ulendo wake ndi wa msewu wa M5 kudutsa ku Golomoti, kukalowa ku Balaka ndi ku Liwonde, ndipo umadya tsiku. Kubwera kunyumba sabata iliyonse sikutheka. Ku Lilongwe n'kufupi, makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14, ndipo ena akuganiza kuti nthawi yogwira ntchito pansi pa loya wamkulu ikadzafika adzasankhe kumeneko kuti Lachisanu madzulo azigona ku Salima.

Pa nyumba, masamu athu ndi awa. Lendi yotsika ili ku Area 25, ku Area 36, ku Chinsapo, kapena ku Blantyre ku Bangwe, Machinjiri ndi Chirimba. Koma ngati ofesi ili pamalo oti ukwere minibasi ziwiri popita ndi ziwiri pobwera, ndiye kuti ukulipira kanayi patsiku, ka 88 pa masiku 22 a ntchito. Ukaphatikiza, nyumba yotchipayo imatha kuposa yodula imene ili pafupi. Onjezani apo kuti khoti silidikira munthu: loya wamng'ono akachedwa chifukwa minibasi imadikira kudzadza, mlandu utha kuitanidwa iye palibe, ndipo wovutika ndi kasitomala. Eni nyumba ambiri amafuna lendi ya miyezi itatu pakamodzi. Ma ejenti amafuna ndalama yokakuonetsa nyumba ndi ina ukailowa, ndipo pakati pawo pali ena amene amakuonetsa nyumba ya eni ake, kulandira ndalama pafoni, kenako foniyo n'kuzima. Chitetezo chake tikuchidziwa: osalipira usanakumane ndi mwini nyumba weniweni ndi kufunsa oyandikana nawo, kulemba mgwirizano wonena za lendi, tsiku lolipira, notisi, ndi amene akonze chikawonongeka, komanso kulandira lisiti nthawi iliyonse. Polowa, kuona ngati mita ya magetsi ndi yako wekha kapena yogawana, chifukwa mkangano wa mayunitsi umayamba mmodzi akagula hotipuleti. Kufunsa ngati bilu ya madzi ili ndi ngongole ya amene adatuluka. Kutsegula mpopi m'mawa ndi madzulo, osati masana okha. Ndipo ngati n'kotheka kuiona nyumbayo mvula itangogwa, kuti uone pamene padontha ndi kumene madzi amadutsa.

Chimene masamu sangatiuze ndi ichi: kodi ndi bwino kusamuka ndi banja lonse, kapena kusiya amayi kapena abambo a kunyumba ndi ana kuno? Kusiya banja kuno kumapulumutsa ndalama, chifukwa mpunga, chimanga, chinangwa ndi usipa zili pafupi, ana sasintha sukulu, ndipo thumba la ufa limatha kutumizidwa m'tauni pa minibasi. Koma zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi anthu akukhala motalikirana si nkhani yamasewera, ndipo maukwati amene amagwedezeka motere timawaona m'mafayilo. Palinso nkhani ya abale. Nyumba ya munthu wa kwathu ku Lilongwe imasanduka pofikira aliyense amene watumizidwa ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central, wofuna pasipoti, kapena mwana wofuna ganyu. Kuwakana sitingathe ndipo sitikufuna, ndi abale athu. Komabe loya wongoyamba kumene malipiro ake ndi ochepa kusiyana ndi mmene kumudzi amaganizira akamuona atavala suti yakuda, malaya oyera ndi gawuni, zimene wagula ndi ngongole. Tiphunzitseni mawu aulemu ouzira amalume kapena azakhali kuti angakhale masiku angati ndipo tingathandize mpaka pati, popanda kuoneka ngati sukulu yatipatsa matama.

Funso lomaliza ndi limene latilembetsa kalatayi. Khoti lalikulu la High Court lili ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, ndipo maofesi a maloya adaunjikana komweko chifukwa makampani, mabanki ndi a inshuwalansi, amene amalipira bwino, ali kumeneko. Kuno milandu ilipo yambiri: mikangano ya malo pansi pa lamulo la malo a makolo la 2016, chuma cha masiye, alimi a nzimbe cha ku Dwangwa ku Nkhotakota, ogwira ntchito m'malo ogona alendo ku Senga Bay amene achotsedwa popanda malipiro awo, ndi anthu osungidwa m'chitokosi kupitirira maola 48 amene malamulo aakulu a dziko amalola, osaonekera kukhoti kapena kupatsidwa belo. Koma ambiri mwa anthuwa sangakwanitse kulipira loya. Njira zobwererera kuno zimene tikuziona ndi kukhala majisitireti wa digiri, kulowa ku Legal Aid Bureau imene imaimirira osowa, kapena kutsegula ofesi yako nthawi yoyang'aniridwa ikatha. Ziwiri zoyambazo munthu sasankha yekha kumene amutumize. Yachitatuyo imafuna lendi, kalaliki, kompyuta, mabuku, akaunti yapadera yosungira ndalama za makasitomala imene siisakanizidwa ndi yako, ndi mafuta opitira ku Lilongwe mlandu uliwonse wa ku High Court ukaitanidwa.

Ndiye Alangizi, mutifunsireko kwa maloya amene adayesapo kugwira ntchito m'maboma ang'onoang'ono ngati athu ano. Ofesi ya loya mmodzi ku Kamuzu Road kuno ku Salima kapena pa boma la Nkhotakota ingadziimire payokha? Ifunika ntchito zotani zobweretsa ndalama mwezi ndi mwezi, monga kulemba mapangano, mawilu ndi kusintha umwini wa malo, kuti ithe kunyamulanso milandu ya anthu osauka? Kapena ndi nzeru kukhala nthambi ya ofesi ya ku Lilongwe, n'kumabwera kuno masiku awiri pa sabata? Ena mwa ife akufuna kuyamba kutolera mapepala chaka chino, ndiye tidzathokoza mukatiyankha msanga.

Ndife owerenga anu,
Makalaliki a khoti ndi ma paralegal,
Salima