Makomiti a chitukuko azimva kaye maganizo a anthu a m'midzi

Mkonzi,

Ndimakhala mu Lusaka, koma kwathu ndi kumudzi m'chigawo cha Kum'mawa. Pamene ndalama za CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'madera a aphungu, zinakwera mu 2022 kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, tinayembekeza kuti komiti ya chitukuko ya m'wadi izikhala pansi ndi anthu isanasankhe ntchito.

Nditapita kumudzi mwezi watha, ndinapeza mjigo watsopano pafupi ndi msika, chonsecho amayi a kutsidya kwa dambo akutungabe madzi pachitsime chimene ng'ombe zimamwanso. Mayi anga anandiuza kuti msonkhano wokambirana za mjigowu unalengezedwa m'mawa wa tsiku lomwelo, anthu ali kudimba.

Ndikupempha makhansala ndi nyakwawa kuti azilengeza misonkhanoyi kutatsala sabata yathunthu, kutchalitchi ndi kusukulu komwe.

Ine wodandaula,
Matero, Lusaka