Kalata Yodandaula za Pulasitiki Wokulungira Katundu pa Mapaleti

Kwa Mkulu Woyang'anira Zamalonda

Okondedwa Bwana,

DANDAULO PA PULASITIKI WOTAMUKA AMENE MUNATIGULITSA

Ndikulemba kalatayi m'dzina la kampani yathu, kumene ndimayang'anira nyumba yosungiramo katundu ndi ntchito yonse yopakira katundu wopita kwa makasitomala. Dandaulo langa likukhudza mipukutu 60 ya pulasitiki wotamuka imene munatibweretsera mwezi watha, yomwe tapeza kuti si imene tinagwirizana pa kotesheni, komanso kuti ngakhale ikanakhala yomweyo, sikanayenera katundu amene wogulitsa wanu anamuona ndi maso ake asanatilangize zoti tigule. Ndaimba foni katatu ku ofesi yanu ndipo ndatumiza maimelo awiri, koma kufikira lero palibe amene wabwera kudzaona vutoli, n'chifukwa chake ndaganiza zolemba zonse mwatsatanetsatane kuti nkhaniyi ifike kwa inu eni ake.

Katundu amene timatumiza ndi wa mitundu iwiri, ndipo nkhani yonseyi yagona pa kusiyana kwakeko. Woyamba ndi makatoni ofanana kukula, amene akasanjidwa pa paleti (thandala la matabwa losanjikapo katundu) amaima ngati khoma, mbali zonse zinayi zili zosalala. Wachiwiri ndi zitini ndi ndowa zachitsulo za penti, zimene nthawi zina timaziphatikiza ndi mabokosi amatabwa okhala ndi ngodya zakuthwa, ndipo paleti imodzi yotere, ya mamilimita 1,200 m'litali ndi 1,000 m'lifupi, imalemera makilogalamu pafupifupi 900. Inu ogulitsa pulasitiki mukudziwa bwino kuti anthu a ntchito imeneyi amagawa katundu m'magulu atatu, A, B ndi C, ndiponso kuti makatoni athu ali m'gulu A pamene zitinizo zili m'gulu C, la katundu wosalingana mbali amene amaboola pulasitiki. Pa chifukwa chimenechi, kwa zaka zambiri takhala tikugula pulasitiki wa mitundu iwiri. Makatoni tinkawakulunga ndi wa mtundu wa cast, amene amaziziritsidwa msanga pa zitsulo zozungulira akangotuluka m'makina, n'kukhala woonekera bwino moti barcode amawerengeka popanda kumasula katundu. Zitini tinkazikulunga ndi wa mtundu wa blown, amene popanga amauziridwa mpweya n'kufufuma ngati chibaluni, kenako n'kuzizira pang'onopang'ono. Ameneyu amaoneka wachifunga, ndipo phokoso lake pomasula mpukutu ndi lalikulu moti anyamata athu sankamukonda, koma sabooka msanga, ndipo akabooka, bowolo silifulumira kukula.

Wogulitsa wanu atabwera kwathu, ndinawayendetsa ndekha m'nyumba yosungiramo katundu, ndinawaonetsa mapaleti a mitundu yonse iwiri, ndipo anaima pafupi ndi makina athu akuwaona mmene amakulungira. Atatero anandiuza kuti palibe chifukwa chogulira mitundu iwiri, popeza muli ndi pulasitiki wa cast wa zigawo zambiri, wokhuthala mamayikuloni 23 (mamayikuloni 1,000 amapanga milimita imodzi), amene angagwire makatoni ndi zitini zomwe. Pa kotesheni analemba kuti mpukutu uliwonse udzakhala wa mamilimita 500 m'lifupi, mamita 1,500 m'litali, mamayikuloni 23 kukhuthala kwake, ndiponso kuti pulasitikiyo amatha kutamuka ndi 250 peresenti pa makina. Ndinapempha kuti atipatse kaye mpukutu umodzi tiuyese pa zitini, koma anayankha kuti kuteroko n'kutaya nthawi chabe chifukwa pulasitikiyo ndi wodalirika. Pamenepa ndivomereze kuti inenso ndinalakwa posaumirira, pakuti mpukutu umodzi wokha ukanationetsa zonse zimene ndikulemba m'kalatayi katundu asanakwere lole.

Vuto linaoneka tsiku loyamba lenilenilo. Makina athu ndi a mbale yozungulira, ndipo ali ndi marola awiri oyenda pa liwiro losiyana amene amakoka pulasitiki asanafike pa katundu. Tikawaika pa 250 peresenti, mita imodzi ya pulasitiki imatamuka kufika mamita atatu ndi theka, ndipo umu ndi mmene tinkagwirira ntchito ndi pulasitiki wathu wakale popanda chovuta. Wanuyu ankaduka akangofika pa ngodya ya bokosi kapena pa mkombero wa ndowa, nthawi zina kawiri kapena katatu pa paleti imodzi, ndipo akaduka makina amaima, munthu n'kutsika kukamangiriranso. Tinatsitsa makina kufika pa 200 peresenti, koma sanaleke kuduka. Titafika pa 150 peresenti ndi pamene anayamba kuzungulira osaduka, ndipo kutsitsa kumeneku kuli ndi mtengo wake umene ndikufuna muumvetse. Mpukutu wa mamita 1,500 ukatamuka ndi 250 peresenti umapereka mamita 5,250 okulungira, pamene pa 150 peresenti umapereka mamita 3,750 okha, kutanthauza kuti pa mpukutu uliwonse tinkataya mamita 1,500 amene tinawawerengera pogula. Kuwonjezera apo, anyamata ankazunguliza kangapo kuposa kale pofuna kuti katundu alimbe, moti mipukutu inkatha ngati ikubedwa, ndipo zinyalala za pulasitiki zimene makasitomala athu amatsala nazo akamasula katundu zinachuluka.

Sabata yachiwiri, lole imene inanyamula mapaleti a penti inafika kwa kasitomala mapaleti atatu atawonongeka. Dalaivala ananena kuti anaponda mabuleki mwadzidzidzi kamodzi kokha m'njira, chimene ndi chinthu chimene katundu wokulungidwa bwino amayenera kupirira. Muyezo wa EN 12195-1, wonena za kamangidwe ka katundu pa magalimoto a pamsewu, umawerengera kuti poima mwadzidzidzi katundu amakankhikira kutsogolo ndi mphamvu yokwana 0.8 ya kulemera kwake, ndipo pokhota amakankhikira m'mbali ndi 0.5. Pa paleti ya makilogalamu 900, ndiye kuti pulasitiki ayenera kuthandiza kugwira mphamvu yonga ya makilogalamu 720 yolunjika kutsogolo. Chimene chinanditsimikizira kuti vuto linali pulasitiki n'chakuti mapaleti enieniwo sanasunthe pamene tinawaika, popeza anali opanikizana bwino m'lolemo. Katundu ndi amene anatsetsereka pamwamba pa mapaletiwo, pulasitiki atang'ambika kuyambira pa ngodya imodzi mpaka pansi. Zitini zina zinaphwanyika, zina zinatseguka, penti anayenderera pa katundu wina amene analibe vuto, ndipo monga madzi, penti naye akatayika saoleka. Kasitomala anakana mapaleti atatu onsewo, ndipo sindinathe kumuimba mlandu chifukwa inenso ndikanachita chimodzimodzi.

Zitachitika zimenezi tinaganiza zoyeza pulasitikiyo tokha. Tinatenga mipukutu khumi m'mabokosi osiyanasiyana n'kuyeza kukhuthala kwake ndi chipangizo chotchedwa micrometer, m'mphepete ndi pakati pomwe, ndipo paliponse tinapeza mamayikuloni a pakati pa 16 ndi 18, ngakhale kuti chizindikiro chomatidwa pa mpukutu uliwonse chikunena 23. Poopa kuti mwina chipangizo chathu chikutinamiza, tinagwiritsanso ntchito sikelo, chifukwa masamu ake ndi osavuta. Pulasitiki wotamuka amapangidwa ndi mtundu wa pulasitiki wotchedwa LLDPE, amene amalemera magalamu pafupifupi 0.92 pa kyubiki sentimita imodzi, choncho mpukutu wa mamilimita 500, mamita 1,500 ndi mamayikuloni 23 uyenera kukhala ndi pulasitiki wolemera makilogalamu pafupifupi 15.9, osawerengera kachubu ka pepala kamene kamakhala m'kati. Tinayeza mipukutu itatu isanayambidwe, ndipo itatha tinayeza timachubu take n'kuchotsera. Pulasitiki yekha ankalemera makilogalamu pafupifupi 11.7 pa mpukutu, kumene ndi kulemera kwa pulasitiki wa mamayikuloni 17. Tinaonanso kuti timachubu tanu ndi tokhuthala ndi tolemera kuposa timene tinatsala nato ta mipukutu yakale, ndipo chikalata chimene chinabwera ndi katunduyo chinalemba kulemera kwa mpukutu pamodzi ndi kachubu kake. Sindikunena kuti zimenezi zinachitika mwadala, koma zotsatira zake n'zakuti munthu wonyamula mpukutu m'manja sangazindikire kuti pulasitiki wapereweramo.

Ndisamveke ngati munthu wodana ndi pulasitiki wopyapyala. Ndikudziwa kuti masiku ano kuli pulasitiki wa zigawo zambiri amene, ngakhale ali wopyapyala, amagwira katundu mofanana ndi wokhuthala wakale, ndipo ndikudziwanso kuti kukhuthala pakokha si muyezo wa zonse. Chimene chimagwira katundu ndi mphamvu imene pulasitiki amafinyira katunduyo atazunguliridwa, imene imadalira mtundu wa pulasitiki, mmene watamukira ndi kuchuluka kwa mizere imene yazungulira, ndipo imayezedwa ndi chipangizo pamwamba, pakati ndi pansi pa katundu. Nkhani zonsezi si zachilendo kwa inu, pakuti ngakhale muyezo wa ASTM D4649 unalembedwa n'cholinga chothandiza anthu kusankha ndi kugwiritsa ntchito pulasitiki wotereyu molingana ndi katundu wawo. Wogulitsa wanu akanabwera ndi pulasitiki wa mamayikuloni 17, n'kumutchula kuti ndi wa 17, n'kumuyesa pa makina athu ndi kuyeza mphamvu yake ife tikuona, mwina ndikanamugula kuti tizikulungira makatoni, popeza pa makatoni sanativutitse kwenikweni. Chimene ndikukana n'chakuti tigulitsidwe chinthu china m'dzina la chinthu china, ndiponso kuti munthu wodziwa ntchito aone ndowa zachitsulo ndi mabokosi a ngodya zakuthwa, koma n'kutilangiza kuti tisiye blown popanda kuyesa chilichonse.

Nditamupeza wogulitsayo pa foni ulendo wachitatu, anandiuza kuti vuto ndi makina athu kapena kakulungidwe kathu, ndipo ananena zimenezi asanabwere n'komwe kudzaona. Kuti pasakhale chikayiko, tinaunika marola ndipo tinapeza kuti ndi oyera, opanda chokanda pulasitiki. Timayamba kukulunga kuchokera pansi, mizere yoyambayo ikugwira matabwa a paleti pamodzi ndi katundu kuti ziwirizi zikhale chinthu chimodzi, mzere uliwonse umakwera pa unzake, ndipo pa mabokosi amatabwa timaika makatoni otchinga ngodya. Kenako tinatenga mpukutu umodzi wa blown umene unatsala pa katundu wakale, tinabweza makina pamene ankakhala kale, n'kukulunga mapaleti asanu a zitini zomwezo. Pulasitikiyo sanaduke ngakhale kamodzi. Makina ndi omwewo, anthu ndi omwewo, katundunso ndi yemweyo, ndipo chimene chinasintha ndi mpukutu wokha.

Pa mipukutu 60 ija, 38 idakali yosatsegula, ndipo tayiika pambali pamalo ouma, opanda dzuwa, kuti pasadzakhale wonena kuti inawonongekera kwathu. Ndikupempha kuti mutumize galimoto idzatenge mipukutu imeneyi ndipo muchotse mtengo wake wonse pa invoisi. Pa mipukutu 22 imene tinagwiritsa ntchito, ndikupempha kuti invoisi ikonzedwe kuti tilipire pulasitiki wa mamayikuloni 17 amene tinalandira, osati wa 23 amene sanabwere. Za penti amene anawonongeka ndi ulendo wa lole umene tinabwereza, ndikufuna tikhale pansi tikambirane gawo limene kampani yanu ilipire, ndipo ndine wokonzeka kuonetsa zikalata zonse za kuwonongekako.

Ngati mukufuna kuti tipitirize kugula kwa inu, chimene sindinachitsekere khomo, ndikupempha kuti mutumize katswiri wanu abwere ndi chipangizo choyezera mphamvu ya kafinyidwe, pamodzi ndi mipukutu yoyesera ya cast ndi ya blown, aliyense ndi chikalata chofotokoza kukhuthala kwake, kutalika kwake, malire a katamukidwe kake ndi kulemera kwa pulasitiki popanda kachubu. Tidzayesa pa makatoni payekha, pa zitini payekha, ndipo tidzasankha potsatira zimene chipangizocho chidzaonetse. Mungachitenso bwino kuyeza mipukutu imene ili m'nyumba yanu yosungiramo katundu yopangidwa pamodzi ndi yathuyi, chifukwa ngati chizindikiro chinalakwika ku fakitale, ndiye kuti si ife tokha amene tinalandira pulasitiki wotere.

Ndaphatikiza pa kalatayi makope a kotesheni, invoisi ndi chikalata chobweretsera katundu, zithunzi za mapaleti atatu aja ali m'lole, pepala la zotsatira za kuyeza kwathu, ndi tizidutswa ta pulasitiki tochokera pa mipukutu khumi ija, chilichonse ndi nambala ya bokosi limene chinachokera. Ndikuyembekezera yankho lolembedwa pasanathe masiku 14 kuchokera tsiku limene mulandire kalatayi. Akadutsa masiku amenewa popanda yankho, tidzaimitsa malipiro a invoisi imeneyi, tidzatumiza tizidutswato ku labotale yoima payokha kuti ikayeze, ndipo nkhaniyi tidzaipereka kwa maloya athu.

Ine wanu,

Woyang'anira Nyumba Yosungiramo Katundu