Ku Bali si nyanja yokha ayi

A Mkonzi,

Nthawi zonse nyuzipepala zikatchula chilumba cha Bali ku Indonesia, nkhani imakhala ya mahotela ndi alendo osambira. Ine chimene chimandichititsa chidwi ndi momwe Ahindu akumeneko amalemekezera maphunziro.

Pa masiku 210 alionse, malinga ndi kalendala yawo ya Pawukon, amakhala ndi tsiku la Saraswati, mulungu wamkazi wa nzeru. Ana amapita kusukulu atavala zachikhalidwe, koma salowa m'kalasi kukaphunzira. Amaunjika mabuku pamodzi ndi malontar, zolembedwa zakale pa masamba a mgwalangwa, n'kuikapo maluwa ndi lubani. Tsikulo ambiri sawerenga n'komwe, buku limapuma ngati mlendo wolemekezeka. M'mawa mwake mbandakucha, anthu amakasamba kunyanja kapena ku akasupe.

Ngakhale ulimi wawo uli ndi chiphunzitso pansi pake. Alimi ampunga amagawana madzi kudzera m'magulu otchedwa subak, ozungulira akachisi a madzi, motsata Tri Hita Karana: kukhala bwino ndi Mulungu, anthu anzako ndi chilengedwe. UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, inazindikira dongosololi mu 2012.

Chonde, tsiku lina tilembereniko za zimenezi, osati magombe okhaokha.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma ntchito